Chikole Chobwezedwa ndi Chidindo

Katoni inafika Lachiwiri m'mawa, yomatidwa tepi mbali zonse ngati m'kati muli njoka. Pamwamba panali dzina la Ulemu, ndipo amene analemba dzinalo Ulemu anamudziwa asanamalize n'komwe kuwerenga. Mu Cape Town monse munthu wolemba U wopendekeka ngati mtondo wothyoka tako ndi mmodzi yekha: Gresham.

Tsono ntchito ya Ulemu, abale, ndi yovuta kuifotokozera munthu wabwinobwino. Mayi ake ku Zomba amauza anthu kuti mwana wawo ndi dokotala, koma mwanayo jakisoni sanabayepo ngakhale nkhuku. Nkhani yake ili chonchi. Munthu ukapanga makina oti azikakhudza thupi la wodwala, boma limafuna mapepala osonyeza kuti makinawo sanama ndiponso sapweteka munthu. Kampani imene Ulemu amagwirako ntchito imalembedwa ganyu yowerenga mapepala amenewo, kufunsa mafunso okwiyitsa, kenaka n'kusayina kuti zonse zili m'malo fayilo isanapite ku boma. Mwachidule, mtsikanayu amalipidwa chifukwa chokayikira anthu.

Kwa miyezi itatu tsopano, wokayikiridwayo anali Gresham, mnyamata wa ku Ntcheu, wamtali, wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Iye ndi anzake, mu shedi ina ku Montague Gardens, anapanga kachipangizo kopana chala, kooneka ngati chopanira zovala pachingwe, koma kodziwa kunena kuchuluka kwa mpweya m'magazi ndi kagundidwe ka mtima. Gresham ankati tizipangizo tina tochokera kunja tikapana chala chakuda timatha kunamiza anamwino kuti munthu ali bwino pamene akubanika, ndiye iye ankafuna kake kazinena zoona ngakhale pa chala cha munthu wolima mbatata ku Tsangano.

Lachinayi lililonse awiriwa ankakhala patebulo limodzi, fayilo pakati. Tsiku lina Gresham anapempha chala cha Ulemu kuti amuonetse momwe kachipangizoko kamagwirira ntchito. Kanapana, kanaphethira, n'kulemba 114.

"Achemwali, mtima kuthamanga chonchi, mwathawa galu?"

"Ndakwera masitepe."

"Shedi ino ilibe masitepe."

Kuyambira tsiku limenelo botolo la perefyumu la Ulemu linkatsika Lachinayi lokhalokha.

Lachiwiri limeneli, tsoka ilo, katoni inatsegulidwa Mayi Abrahams ataima pomwepo. Amenewa ndi bwana wake wa Ulemu, mayi wa magalasi olendewera pa unyolo, woti amawerenga ngakhale timalemba ta pa paketi ya shuga. Munatuluka tizipangizo titatu toti tiyesedwe. Munatuluka mapepala. Pansi penipeni panali kamtolo kokutidwa ndi pepala la khaki lofwifwa ndi ulendo. Ulemu atakamasula, anapeza chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, cholemera bwino, pamodzi ndi mpango wake. Kakalata munalibe. Anagwedeza chitenjecho kawiri konse, koma sipanagwe kanthu.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Mayi Abrahams m'Chingerezi chawo cha m'mphuno.

"Nsalu, Madamu."

"Ndikuona kuti si njinga. Ili pa mndandanda wa zimene tinaitanitsa?"

"Ayi."

"Ndiye ndi mphatso yochokera kwa munthu amene tikumufufuza. Lamulo ukulidziwa."

Ankalidziwa kumene. Si iye yemwe ankaphunzitsa antchito atsopano lamulo limenelo, chala m'mwamba? Mphatso iliyonse, kaya cholembera, kaya bokosi la mphesa, imabwezedwa tsiku lomwelo ndi kalata. Mawu oti "Madamu, kwathu mnyamata akafuna mkazi amapereka chinthu chotchedwa chikole" anakwera mpaka pakhosi, n'kubwerera okha. Nanga chitakhala kuti si chikole? Gresham anali asanatulutsepo liwu lachikondi ngakhale limodzi, kupatula za galu zija.

Anasayina. Mayi Abrahams anadinda chidindo pa kalata yobwezerayo kuti pha! Kalaliki anakopera adiresi imene inali pa pepala la khaki lija, nyumba ina ya ku Langa, n'kuitana mnyamata wa njinga yamoto.

*

Madzulo ake ku Mfuleni, Jannat anachita kulavula mapini onse amene anali nawo kukamwa. Jannat ndi telala wa ku Mangochi, mnzake amene Ulemu amachita naye lendi nyumba, ndipo ndi munthu woti nkhani akaimva amafuna aione ndi kunsi komwe.

"Tabwereza. Mnyamata wakutumizira chitenje, iwe wabweza?"

"Ndi lamulo la kuntchito."

"Ndi kalata?"

"Ndi kalata."

"Ya Chingerezi?"

"Ya chidindo chomwe."

"Subhanallah!" Jannat anaseka mpaka kugwira makina osokera kuti asagwe. "Ine amuna ndakanapo atatu, koma wondilembera kalata ndinalibe. Mwezi wamawa undibwereke Madamu akowo."

"Usaseke, Jannat. Tandiuza zoona. Chimenechi ndi chikole kapena chiphuphu?"

"Chiphuphu cha mpango? Munthu wofuna kugula siginecha yako akanatumiza foni yatsopano. Mpango amagula munthu amene wakhala akuyang'ana mutu wako."

"Nanga wauikiranji pansi pa fayilo? Kwatsala milungu iwiri kuti ndisayine mapepala ake."

Apa Jannat anasiya kuseka. Anatola pini imodzi pansi, naiyang'ana ngati yankho lili kunsonga kwake.

"Pamenepo ndiye sindikudziwa. Mwina manyazi, mwina nzeru. Anyamata a ku Ntcheu zonse ziwiri amayenda nazo thumba limodzi."

Foni ya Ulemu inanjenjemera patebulo. Unali uthenga wa Gresham. Mitu iwiri inagundana pofuna kuwerenga.

*Katoni yafika bwino? Mwaona zonse, mpaka pansi?*

Ulemu analemba, nafufuta. Analembanso zazitali, zokhala ndi kankhope kosekerera kumapeto, nafufutanso. Ankafunitsitsa kufunsa kuti "pansi pajapo mumatanthauza chiyani," koma mtsikana woleredwa bwino safunsa mnyamata ngati akumufunsira. Pomaliza anatumiza kuti: *Yafika. Tidzakambirana Lachinayi.*

"Tidzakambirana Lachinayi!" Jannat anagwira m'mutu. "Kodi ukuyankha munthu kapena khonsolo ya mzinda?"

*

Yankho limene Ulemu ankalifuna linabwera Lachitatu, koma linadzera khomo la kuseri. Kasitomala wina anatumizira Jannat uthenga wa mawu umene unali kuzungulira pa gulu la WhatsApp la amayi a tchalitchi cha Amalawi. Wolankhulayo anali a Cecilia, azakhali ake a Gresham, amene akhala ku Langa kuyambira mafoni asanakhale ndi zithunzi. Gresham amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo.

"Amayi anzanga," anayamba motero, mawu ali pang'onopang'ono ngati akulengeza maliro, "ine ndakalamba, ndaona zambiri. Chikole ndachionapo chikubwezedwa ndi mlongo wake wa mtsikana. Ndachionapo chikuponyedwa pamwamba pa mpanda. Koma chobwera ndi mnyamata wa njinga yamoto, wachipewa ngati chigoba cha kamba, ine n'kusayina kuti ndalandira, chimenechi Ambuye anandisungira ku ukalamba. Nsalu imeneyi mayi ake a Gresham anaisankha okha ku Ntcheu. Yayenda pa basi masiku anayi, yadutsa malire atatu, palibe wapolisi amene anaikana. Yadzakanidwa kuno ndi chidindo! Praise wandiwerengera kalatayo. Akuti kampani yathu silandira mphatso. Ndiye ine ndikufunsa, kodi mwana wanga amafunsira kampani? Ndinanena kale ine, mkazi wa mapepala adzakuphikira mapepala."

Ulemu anaumvetsera katatu. Koyamba anamva manyazi okhaokha, mpaka makutu kutentha. Kachiwiri anangomva mawu amodzi, chikole, ndipo anapezeka akumwetulira khoma. Kachitatu m'pamene khutu lake la kuntchito linagwira dzina limene linali lobisika pakati.

"Praise ndi ndani?"

"Sumudziwa?" anatero Jannat. "Uja amaimba kwaya atatsinzina diso limodzi, linalo likuwerenga anyamata. Kwawo ndi ku Ntcheu komweko. Loweruka lililonse amapita kwa a Cecilia kukathandiza ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Makatani a nyumba imene ija achapidwa kasanu chaka chino. Undifunsenso?"

Ulemu anaimbira Gresham. Foni inaitana mpaka kutopa. Lachinayi anadzola perefyumu monga mwa nthawi zonse, koma pampando wa Gresham panakhala mnzake wina wandevu, amene anati a Gresham mutu wawavuta. Perefyumu yonse ija inathera wandevuyo.

*

Lachisanu m'mawa anagogoda pa ofesi ya Mayi Abrahams.

"Madamu, nsalu ija sinali mphatso ya kampani."

Anafotokoza zonse, maso ali pa kapeti. Mayi Abrahams anavula magalasi, chinthu chimene sachita ngakhale pakudya.

"Dikira kaye. Kwanu mwamuna akakupatsa nsalu ndiye kuti akukufunsira?"

"Nsalu, mpango, chilichonse chimene wasankha. Ukalandira wavomera."

"Ukabweza?"

"Wakana."

"Ndiye ine ndinadindapo chidindo." Mayiwo anaphimba kukamwa, koma mapewa anawaulula. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kalata ya munthu wina. "Zaka makumi awiri ndili pa ntchito imeneyi, ndakanapo makina opumira, ndakanapo mabedi, koma mwamuna wa mnzanga ndinali ndisanakanepo. Ukumufuna?"

"Ndikufuna ndidziwe kaye ngati iye..."

"Sindinafunse zimenezo."

"Eya, Madamu. Ndikumufuna."

Magalasi anabwerera pamphuno, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anatulutsa fomu m'dirowa n'kuikankhira kwa Ulemu.

"Ndiye ukudziwa chotsatira. Wofufuza sangakhale pachibwenzi ndi wofufuzidwa. Ukasayina apa, ndikuchotsa pa fayilo imeneyi lero. Zonse zimene wawerenga miyezi itatuyi aziwerenganso munthu wina kuyambira tsamba loyamba, ndipo amene ndili naye sapeza mpata mpaka Febuluwale."

"Iwo akufuna kupereka fayilo ku boma mwezi uno wa Novembala."

"Sizitheka."

Ulemu anayang'ana fomuyo. Kamtima kena kanamunong'oneza kuti mwana iwe, ukanangotseka pakamwa milungu iwiri yokha, bwenzi zonse uli nazo, fayilo ndi mwamuna yemwe. Koma tizipangizo tija tidzapana zala za odwala enieni, ndipo siginecha ya munthu amene mtima wake unalemba 114 ndani angaikhulupirire? Ngakhale mwini wakeyo sankaikhulupiriranso. Gresham ndi munthu wofuna zoona pa chala cha aliyense, anadziuza motero, adzamvetsa.

Anasayina.

"Kalata yodziwitsa abwana a Gresham ndiitumiza ndisanaweruke," anatero Mayi Abrahams. "Tsopano pita ukatenge nsalu yako, usanandiititse mlandu wina."

*

Loweruka masana Ulemu anatsika takisi ku Langa, mphepo ya mu Novembala ikulimbana ndi chitenje chimene Jannat anamumanga m'chiuno ndi mapini anayi. Nyumba ya a Cecilia sinavute kupeza. Makatani ake anali oyera kuposa a mzere wonse.

Amene anatsegula chitseko anali mtsikana wa nsidze zojambula, atavala epuloni ya eni nyumba, m'manja muli supuni yaikulu yotembenuzira mandasi.

"Mukufuna ndani, sisi?"

"Azakhali a Cecilia."

Mtsikanayo anamuyeza kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Oo, ndinu a kampani aja?" Kenaka anatembenuka n'kukuwa ndi mawu a kwaya. "Azakhali! Kwabwera kampani!"

A Cecilia anali pa sofa, miyendo pa kampando, mbale ya mandasi pamimba. Sanasunthe.

"Lowani, lowani. Mwabwera wapansi kapena pa njinga yamoto? Ngati pali posayina, Praise andibweretsere cholembera."

Ulemu anagwada pa simenti, napereka moni mwaulemu wonse umene amayi ake anamuphunzitsa. Kenaka anafotokoza za lamulo la mphatso, za Madamu amene anaima pomwepo, za kalaliki amene anakopera adiresi. A Cecilia ankamvetsera akutafuna.

"Ndiye lamulo la kuntchito kwanu limaposa la makolo?"

"Ayi, azakhali. Kungoti tikalandira ngakhale switi kwa munthu amene tikumufufuza, anthu sangakhulupirirenso zimene tasayina."

"Mukumufufuza? Mwana wanga waba chiyani?"

"Sanabe kanthu."

"Nanga mukumufufuza chiyani?"

"Tikuona ngati makina ake amanena zoona."

"Hee! Wamva, Praise? Ukwati usanayambe, wayamba kale kumuona ngati amanena zoona. Akadzalowa m'nyumba, mwana wanga azidzapita kuchimbudzi ndi chikalata."

Praise anaseka kwambiri kuposa momwe nthabwalayo inkafunikira. Kuseka kumeneko n'kumene kunatulutsa Gresham m'kachipinda kake. Anaima pakhomo la kukhitchini, malaya okwinyika, ndevu za masiku anayi, patapata wina wabuluu wina wofiira. Ataona amene wagwada pansi, anayesa kubisa phazi limodzi kuseri kwa linzake.

Ulemu anaiwala zonse zimene mtsikana woleredwa bwino safunsa.

"A Gresham, nsalu ija munaitumiza chifukwa chiyani?"

"Ine... mwamva kale pa gulu paja. Joni yonse yamva."

"Ndikufuna ndimve kwa inu. Ndipo mundiuze chifukwa chake munaiika pansi pa mapepala."

Gresham anakanda m'khosi. "Ndinabwera nayo Lachinayi katatu. Katatu konse inabwerera m'chikwama. Mukangotsegula fayilo n'kutulutsa cholembera chofiira chija, ine mawu amathawa."

"Ngakhale kakalata?"

"Ndinalemba asanu ndi awiri. Ndikawerenga ndimaona zolakwika. Inu mumapeza zolakwika pa chilichonse, achemwali. Tsamba la 46 munandibwezera chifukwa cha deti lokha."

"Deti lake linali lolakwika."

"Mwaona?"

Ulemu analuma mlomo kuti asaseke pamaso pa azakhali. Mtima unali kukwera masitepe m'nyumba yopanda masitepe. Anaweramitsa mutu, nalankhula motsitsa.

"Ndabwera kudzaitenga, ngati ikadalipo."

Supuni ya Praise inagwa pansi kuti ngwee. A Cecilia anasiya kutafuna.

"Ikadalipo," anatero monyinyirika, "ndaikhalira. Ndimati iphwe kaye manyazi." Anapendekera mbali imodzi, ndipo Gresham anaisolola pansi pa khushoni, nkhope yake itawala ngati ya mwana amene wapeza dzina lake pa mndandanda wa okhoza mayeso. Anaikuntha, naipinda bwino, nagwada moyang'anizana ndi Ulemu, nsalu ili m'manja onse awiri. Ulemu naye anatambasula manja ake onse awiri.

"Tsopano ndikhoza kulandira ndi mtima woyera," anatero. "Dzulo ndawauza abwana zonse. Andichotsa pa fayilo yanu."

Nsalu inaima m'malere.

"Akuchotsani?"

"Wofufuza sangakhale pachibwenzi ndi wofufuzidwa."

"Nanga asayina ndani?"

"Munthu wina. Ayambira tsamba loyamba. Madamu akuti mwina Febuluwale."

"Febuluwale!" Mawu a Gresham anatuluka akuluakulu, oti Ulemu anali asanawamvepo. "Ulemu, anthu ofuna kugula tizipangizo tathu atipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno, akapanda kuona fayilo ku boma apita kwa ena. Zaka zitatu ndili mu shedi muja! Kunali kudikira milungu iwiri yokha. Mukanasayina kaye, zinazi pambuyo."

"Zinazi?"

"Sindikutanthauza choncho..."

"Mukutanthauza chiyani? Kuti ndilandire nsalu mwakachetechete, ndisayine, kenaka tidziwitse anthu?"

 A Cecilia anatola ndasi lina mosayang'ana m'mbale, maso akuyenda uku ndi uku ngati ali ku bwalo la mpira. Ulemu ankayang'anitsitsa nkhope imene inali patsogolo pake, kuiwerenga mzere ndi mzere monga amawerengera mapepala a anthu, koma ulendo uno sankadziwa ngati akufuna kupeza cholakwika kapena ayi.

Pomwepo foni inalira m'thumba la malaya a Gresham. Thumbalo linali lopyapyala, moti dzina linkaoneka likuwala: Bwana. Kalata ya Mayi Abrahams inali itawerengedwa.

Manja onse awiri a Gresham anali ndi nsalu. Manja onse awiri a Ulemu anali chitambasulire, pafupi moti akanangoweramira kutsogolo pang'ono, nkhani ikanathera pomwepo. Foni inalira kachiwiri. Inalira kachitatu.

Kachinayi Gresham anaika nsalu pa mkono wa sofa, nasolola foni, natuluka panja akuti, "Halo, bwana, ndikufotokozerani."

Praise anapukuta manja pa epuloni, natola nsalu ija, n'kuyamba kuisalaza pachifuwa pake mofatsa, maluwa achikasu akuyang'ana kunja.

"Iwe Praise," anatero a Cecilia akunyambita chala, "ika madzi pamoto, um'patse mlendoyu tiyi ndi khushoni ya m'maondo. Zikuoneka kuti agwada nthawi yaitali."